Charizard ya chidindo koma ili ndi mthunzi, achimwene musalipire

Achimwene, ndalamayo musatumize kaye. Chithunzi mwaika mugulu muno cha khadi la Pokémon la Charizard, nambala 4/102, lomwe mukufuna kugulalo ndachikulitsa, mtima wanga wachita kuti phaa. Kumanzere kuli chidindo cha 1st Edition, cha makhadi oyamba kusindikizidwa, koma kumanja kwa bokosi la chithunzi kuli mthunzi. Pa Charizard ya Chingerezi ya Base Set, gulu loyamba la makhadiwa lomwe kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa mu 1999, ziwirizi siziyendera limodzi. Ya chidindo chenicheni ilibe mthunzi, zilembo za 120 HP n'zowonda, ndipo mndandanda wa zaka pansipo umati 1995, 96, 98, 99. Ukathera pa 98, imeneyo ndi Unlimited, ya makhadi wamba osindikizidwa pambuyo pake, yomwe wina waidinda kuchipinda kwake. Za Chijeremani ndi Chifalansa zimatha kukhala ndi zonse ziwiri, koma yanuyi ndi ya Chingerezi.

Ine zinandionekera konkuno ku Joni. Mnyamata waulemu, wovala bwino, amagulitsa Charizard ngati imeneyi, akuti khadi ndi la malemu mkulu wake, akufuna ndalama ya sukulu. Tinakumana maso ndi maso, khadi lili m'pulasitiki yolimba yomatidwa selotepi, akuti tisatsegule lingakandike. Ankadziwa zonse, kuti anajambula ndi Mitsuhiro Arita, kuti ku Japan dzina lake ndi Lizardon, kuti ina ya PSA 10, giredi yapamwamba kwambiri ya kampani yoyesa makhadi ya PSA, inagulidwa madola 420,000 mu 2022. Ndinamupatsa ndalama ya lendi yonse.

Loweruka ndinapita nalo kushopu ya makhadi, ndikunyadira. Bambo wa pakauntala anadula selotepi ija, kuyatsa nyale, kutenga galasi lokulitsira. Sanayankhule. Anangotulutsa lake lenileni n'kuliika pambali pa langa. Inki ya chidindo changa inali yonyezimira, yokhala pamwamba, ka 1 kaja kopindika pang'ono. Kenako chala chake chinaloza mthunzi. Anyamata amene ankasewera pamatebulo anasiya, kubwera kudzasuzumira, wina n'kuti pepani bambo. Miyendo inazizira, pakamwa gwa. Ndinaimba nambala ija ndili pomwepo, yozima. Pa WhatsApp anali atanditseka kale.

Munthu ameneyu mpaka lero ndikamukumbuka ndimanjenjemera. Kutchula maliro kuti ubere mnzako! Ndipo amene anamubweretsa mugulu muno, akumati ndi munthu wodalirika, anangoti zii, ngakhale pepani sanandiuze. Akubawa amawerenga zomwe timalemba muno, ndiye amadziwa mawu oti atikole nawo.

Kumanani naye ndithu wogulitsayo, khadi mulione ndi maso anu, osadalira zithunzi. Alitulutse m'pulasitikimo. Onaninso kuti si lobwerezedwa la gulu la Celebrations la 2021, nalonso ndi 4/102 koma lili ndi kachidindo ka Pikachu ka zaka 25, kapena la Evolutions la 2016 lomwe lili ndi 150 HP. Komabe akatsitsa mtengo kufika wa Unlimited, tengani, Charizard ndi Charizard, langa lija ndikulisungabe ndipo sindingaligulitse. Mumuuze ajambule mzere wa zakawo pafupi, mutiponyere muno tione.