Mayi, musataye mapiritsiwo tsiku limodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Dzina lawo sindilitchula, koma andilola kuwayankha pano poti vuto lawoli lili m'makomo ambiri. Bambo a kunyumba kwawo anamwalira zaka ziwiri zapitazo, tulo tinathawa, ndiye kuchipatala anawalembera diazepam, uja ambiri timangoti Valium. Anayamba ndi piritsi limodzi la 5 mg usiku, lero amamwa awiri. Anzawo a kumpingo atawauza kuti mankhwalawa ndi ukapolo, anawataya onse tsiku limodzi. Masiku atatu oyamba zinali bwinobwino. Pofika tsiku lachisanu manja anayamba kunjenjemera, usiku thukuta kamukamu, mtima kugunda ngati ng'oma, m'makutu kulira, ngakhale kuphokosera kwa supuni m'kapu kumawalasa m'mutu. Anathamangira kufamase n'kuyambiranso kumwa. Akufunsa kuti: "Kodi ndayamba misala? Kapena chikhulupiriro changa n'chochepa? Nanga ndisiye bwanji?"

Mayi, pepani ndi maliro, pepaninso ndi masiku asanu aja. Simunapenge, ndipo chikhulupiriro chanu chilibe mlandu. Zimene zinakuchitikirani zimachitikira abusa, madokotala, aliyense amene thupi lake lazolowera mankhwala a gulu la benzodiazepine, momwe muli diazepam, n'kusiya mwadzidzidzi. Munachita bwino kuyambiranso. Ndikubwereza: munachita bwino.

Ndikufotokozereni chimene chinachitika m'mutu mwanu. Ubongo uli ndi mabuleki ake achibadwa, kamadzi kamene akatswiri amakatcha GABA, kamene kamaziziritsa mitsempha ikatentha. Diazepam amakankhira mabuleki amenewa kuti agwire mwamphamvu, n'chifukwa chake munthu amagona ndipo nkhawa imatsika. Koma ubongo sukonda kugwiridwa chonchi usiku ndi usiku. Pakapita masabata umayamba kufewetsa mabuleki ake eniake, n'kumadalira a piritsi. N'chifukwa chake limodzi linasiya kukukwanani. Tsono taganizirani wa kabaza akutsika phiri la Zomba atanyamula munthu, wina n'kumudulira waya wa buleki pakati pa mtsetse. Kunjenjemera kuja, mtima kuthamanga kuja, inali njinga ikutsika popanda choigwira.

Masiku atatu abwino aja ndi amene amapusitsa anthu ambiri. Diazepam satuluka msanga m'thupi. Kuti theka lake lichoke m'magazi pamapita maola 20 mpaka 100, ndipo chiwindi chikamuphwanya pamatsala chinthu china chogwira ntchito yomweyo, chimene chimakhalitsa kuposa pamenepo. Choncho munthu amaona ngati wapambana, pamene mankhwala akadali m'magazi akutha pang'onopang'ono. Kwa ena mavuto amabwera patapita sabata ziwiri kapena zitatu. Amene amamwa mankhwala ena a gulu lomweli, lorazepam kapena alprazolam, uja amati Xanax, alibe mpata umenewu: zimawagwira tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Chimene chimandiopsa kwambiri si kusowa tulo. Ndi kukomoka. Pa zaka zimene ndinagwira unamwino ndinalandirapo bambo wina amene mapiritsi anangomuthera kumapeto kwa mwezi, iye n'kuti ndidikire malipiro. Anagwa ali pafupi ndi mbaula, akuphiriphitha ngati wa khunyu, pamene khunyu sanadwalepo chibadwire. Mkono unapsa kuyambira pa chigongono mpaka m'zala. Sindinaiwale fungo la bandeji ija, ndipo n'chifukwa chake ndimauma pakamwa pa nkhani imeneyi. Diazepam yemweyu ndi amene timabaya mwana akamakomoka ndi malungo. Mankhwala oletsa kukomoka mukawachotsa mwadzidzidzi m'thupi lowazolowera, kukomokako kukhoza kubwera.

Musadziimbenso mlandu kuti munamwa nthawi yaitali. Valium anayamba kugulitsidwa mu 1963 ndi kampani ya Hoffmann-La Roche, atapangidwa ndi katswiri wotchedwa Leo Sternbach, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankawalemba ngati maswiti. Mu 1988 ndi pamene komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inalangiza kuti asamapitirire masabata awiri mpaka anayi. Bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linachita kuwonjezera chenjezo lalikulu pa mapaketi mu 2020. Ngati ophunzira anatenga nthawi yonseyi, inu amene munali pa chisoni mukanadziwa bwanji?

Tsono kusiya kwake. Choyamba khalani kaye pa 10 mg yanuyo, nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, mpaka thupi likhazikike. Musayambe kutsika mukadali kunjenjemera. Kenako pitani kwa dokotala kapena kilinikala ofesa, makamaka wa za matenda a maganizo, mukamuuze zonse osabisa: mumamwa angati, kuyambira liti, mumagula kuti, ndi zimene zinachitika mutasiya. Ku Queen Elizabeth kuli anthu oona za maganizo. Ena amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikuti ndinu wamisala, ngakhale aneba adzanong'one. Mufunika munthu mmodzi wokulemberani mankhwala mosadukiza, chifukwa kutherwa mapiritsi pakati pa ulendo n'chimodzimodzi kuwataya.

Njira imene ambiri amatsata inakonzedwa bwino ndi Professor Heather Ashton wa ku Newcastle ku Britain, amene anayendetsa kiliniki yothandiza anthu kusiya mankhwalawa kuyambira 1982 mpaka 1994. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: kuchepetsa pang'ono, kudikira thupi lizolowere, kuchepetsanso. Malangizo a ku Britain amati muchotse 5 mpaka 10 pa 100 iliyonse ya mlingo wanu pa sabata imodzi kapena ziwiri, kapena gawo limodzi mwa magawo 8 pa sabata ziwiri zilizonse. Kwa inu wa 10 mg, gawo limodzi mwa 8 ndi 1.25 mg, yomwe ndi kota ya piritsi la 5 mg. Ndiye sitepe yoyamba ingakhale piritsi limodzi ndi makota atatu. Mwayi wanu ndi wakuti muli kale pa diazepam. A lorazepam ndi alprazolam nthawi zambiri amayamba asamutsidwira kwa iyeyu, chifukwa amatsika mofatsa m'magazi.

Kudula kota si masewera. Ikani piritsi pa mbale youma, tengani lezala yatsopano, dulani potsata kamzere kali pakati, kenako theka lija mulidulenso. Lina limanyenyeka, musadandaule. Tizidutswato sungani m'kabotolo kotseka, kutali ndi adzukulu. Gulani kope la masamba ochepa. Usiku uliwonse lembani deti, mlingo umene mwamwa, maola amene mwagona, ndi mmene mwamvera, mzere umodzi basi. Tsiku loipa likadzafika mutu udzakuuzani kuti zakhala zoipa chiyambire, koma kope lidzakuonetsani kuti Lachiwiri munagona maola asanu ndi limodzi.

Pali chinthu chimene anthu ambiri amaphonya, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino. Kumapeto ndiye kovuta, osati koyamba. Kuchotsa kota pa 10 mg ndi pang'ono, koma kuchotsa kota yomweyo pa 5 mg ndiye kuti mwadula gawo limodzi mwa magawo anayi a mankhwala onse, ndipo thupi limamva. Mukamayandikira 5 mg masitepe achepe, afike pa theka la miligalamu. Apa mapiritsi a 5 mg sakuthandizaninso. Pemphani dokotala akulembereni a 2 mg, amene kota yake ndi 0.5 mg, kapena amadzi ngati apezeka. Ulendo wonse ukhoza kutenga miyezi ingapo, kwa ena chaka. Palibe mpikisano. Sitepe ina ikakuvutani, imani pomwepo sabata zina ziwiri mpaka mphepo idutse, m'malo mobwerera m'mwamba. Ndipo pewani kameneka koti "lero kokha ndiwonjezere limodzi", chifukwa kukwera ndi kutsika kumasokoneza ubongo kuposa kukhala malo amodzi.

Mudzamvabe zina ngakhale mutsike bwino: tulo tochepa, maloto oopsa, msana ndi khosi kuuma, kukwiya msanga, kuwala kwa dzuwa kukulasani m'maso, nthawi zina kumva ngati dziko lili patali. Zimabwera ngati mafunde a pa nyanja, lero zakwera mawa zatsika, ndipo kwa anthu ambiri zimatha. Tiyi ndi Coca-Cola musamwe dzuwa likapendeka. Dzukani nthawi imodzi tsiku lililonse ngakhale mwagona mochedwa, masana musagone, ndipo yendani ndithu, ngakhale kungopita kumsika wapansi. Tulo tikakana musagubuduzike pabedi mukuyang'ana foni. Dzukani, khalani pampando mumdima pang'ono, mubwerere maso akalemera.

Mowa ayi, ngakhale kapu imodzi ya wayini pa ukwati. Umagwira mabuleki omwe aja, umapusitsa usiku umodzi n'kukubwezerani kunjenjemera kowirikiza, ndipo ukaphatikizana ndi diazepam ukhoza kufooketsa kupuma. Chimodzimodzi tramadol ndi codeine. Wina akafuna kukulemberani amenewa muuzeni kaye zimene mukumwa. Wa kufamase akakuuzani kuti tengani zopiclone kapena zolpidem m'malo mwake, dziwani kuti amenewa ndi msuweni wa diazepam, amagwira malo omwewo mu ubongo.

Muuze mwana wanu wamkulu kapena m'bale amene mumagona naye nyumba imodzi. Adziwe kuti mukakomoka, mukasokonezeka osazindikira malo, mukayamba kuona kapena kumva zinthu zimene palibe, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, atanyamula paketi ya mankhwala ndi kope lija.

Za anzanu a kumpingo, sindikuwada. Anafuna kukumasulani, njira yokha ndi imene sanaidziwe. Awonetseni yankho lino. Akhoza kumabwera kudzapemphera nanu madzulo a tsiku limene mwadula kota, akhoza kukuperekezani kuchipatala, akhoza kukuyendetsani m'mawa. Chimene asachite ndi kukuuzaninso kuti mutaye.

Pali chinanso chimene sichilembedwa pa paketi. Munayamba kumwa sabata ya maliro, ndipo mapiritsi aja sanachotse chisoni, anangochivundikira. Mlingo ukamatsika, mwina mudzapezeka mukulira bambo ngati amwalira dzulo, mukaona malaya awo kapena mukamva nyimbo imene inaimbidwa kumanda. Musadzathamangire kuganiza kuti matenda abwerera. Pofunsa za mapiritsi a 2 mg, mufunsenso ngati pali mlangizi woti muzikambirana naye za imfa ya bambo, ndipo mukapite ulendo woyamba musanadule kota yoyamba. Mukatero mundilembere, mundiuze zimene dokotala wanena ndi deti limene mwagwirizana kuyamba.