Achimwene, timabotolo ta ku Joni tija musadzibaye nato

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati munavulala bondo pa mpira ku Chinamwali, miyezi itatu yatha likutupabe, ndipo msuweni wanu ku Johannesburg akufuna akutumizireni mankhwala otchedwa BPC-157 muzidzibaya nokha kuti bondolo lichire msanga. Mukufunsa ngati muvomere. Ndinayamba ndaika foni pansi, chifukwa mwanditosa pachilonda.

Ine unaduka mtsempha wa kuchidendene. Loweruka lililonse ndinkathamanga kukwera msewu wa ku Ku Chawe, ndiye tsiku lina potsetsereka ndinangomva thii! kumbuyo kwa mwendo ngati wina wandigenda ndi mwala. Ndinacheuka kufuna wondigendayo, kunalibe munthu. Zitatero ndinakhala masabata ambiri m'chikhakha. Posamba mayi a kunyumba ankandiikira mpando m'bafa, n'kukulunga mwendowo m'majumbo awiri, kumanga ndi mphira kuti madzi asalowe. Ululu ndinkaupirira. Chimene chinkandidya mtima chinali kuona phiri pawindo m'mawa uliwonse, anzanga akukwera, ine ndili gone. Munthu ukafika pamenepo, aliyense wonena kuti ali ndi njira yachidule umamutchera khutu. Wina anandibweretsera mafuta m'botolo lopanda dzina, ndinalipira, ndinapaka chikhakha chitangochoka, khungu linasupuka lonse. Choncho sindikukuwerengerani mlandu ayi.

Koma tamverani. BPC-157 ndi kaunyolo ka ma amino acid (tizidutswa timene timapanga puloteni) 15, kopangidwa mu labu potengera puloteni ya m'madzi a m'mimba. Amene akafufuza kwambiri ndi akatswiri a ku Zagreb, ku Croatia, kuyambira m'ma 1990. Amadula mtsempha wa khoswe, kumubaya, n'kuona mmene ukulumikizikirana. Pa makoswe zotsatira zimaoneka zabwino, sindikana. Inu si khoswe. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, silinavomereze kuti awa akhale mankhwala a anthu, ndipo mu 2023 linawaika pa mndandanda wa zinthu zokayikitsa pa chitetezo. Bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oonjezera mphamvu mwachinyengo pa dziko lonse, linawaletsa m'masewera kuyambira 2022. Mnzake amene amagulitsidwira limodzi, TB-500, wotengera puloteni ya m'thupi yotchedwa thymosin beta-4, nayenso ngoletsedwa. Ku Australia osewera 34 a timu ya Essendon anaimitsidwa mu 2016 pa nkhani ya thymosin beta-4 yomweyi. Ngati mukulota zodzasewera mu Super League, ganizirani zimenezo.

Chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi kalembedwe ka pa timabotolo. Amalembapo kuti ndi za kafukufuku basi, si zoti munthu agwiritse ntchito. Uko n'kusamba m'manja. Wakulandira ndalama, koma ukatupa chithupsa pamene unabaya, kapena ufa uli m'katimo ukakhala wina, iye alibe mlandu. Akusiyana pati ndi abambo aja amaimirira m'basi ndi kabotolo kochiza matenda onse, kuyambira nyamakazi mpaka shuga? Kusiyana kwake ndi Chingerezi chokoma ndi mtengo wa ma rand. Kenako ganizirani ulendo wake: kabotolo m'chikwama, masiku awiri m'basi, kudutsa ku Tete kotentha kuja, kudikira pa Mwanza, n'kudzafika kwa inu muzisungunula nokha pa tebulo lodyera. Ayi achimwene, ine ndakana.

Mwendo wanga unachira ndi mafizo otopetsa, kunyang'ama pa sitepe ya khonde ndikugwira chipilala, kukwera ndi kutsika, tsiku ndi tsiku, pafupifupi chaka chathunthu. Mitsempha yotere magazi amafikamo pang'ono, n'chifukwa chake imachedwa.

Nanga muchite chiyani?

Bondo lotupa miyezi itatu likufunika kupimidwa, mwina china chinang'ambika m'kati. Pitani ku Zomba Central, muwauze mmene munagwera, mupemphe kuonana ndi a mafizo. Mpira muyambe mwausiya. Msuweniyo mumuuze ndalamazo atumize za kabaza wopitira kuchipatala.