Otchinga sawaona, ine ndikudziwa chifukwa zinandichitikira

Achimwene, mukati ku All-Star, gemu ija ya pachaka ya osewera osankhika a mu NBA, ligi ya basketball ya ku America, kuzipita okhawo ogoletsa mapointi ambiri, ena onse akhale, mwandikhudza pabala. Mawu amenewo ndi omwe anandiuza ine ndili chiimire pabwalo, thukuta lili kamukamu, ndipo mpaka lero ndikawamva m'mimba mumanditentha.

Paja ena mwa inu munamuseka Rudy Gobert mu 2019 atalira pamaso pa atolankhani chifukwa makochi sanamusankhe. Munthu anali atatenga kale mphoto ya wotchinga bwino kuposa onse mu NBA mu 2018, chaka chomwe anamusiyacho n'kudzaitenganso, koma ku All-Star ayi. Anayamba kukamba za mayi ake, mawu n'kumuthera pakhosi. Inu munati mwamuna salira. Ine sindinaseke, ndinazimitsa foni n'kutuluka panja.

Ndinali ndi zaka 19, ndikusewera mu timu ina yaing'ono kuno ku Blantyre. Anatiitana anyamata ochokera m'matimu osiyanasiyana kuti asankhepo 12 okaimira chigawo pa mpikisano wina. Masabata atatu athunthu tikupanga ma training pa simenti yotentha ija. Ine ndine wamtali, ntchito yanga inali ya pansi pa basiketi, kutola ma rebound (mipira yobwerera ikalephera kulowa mu basiketi), kutchinga, kuimitsa thupi kuti mnzanga apeze mpata woponya. Zigongono zonse zinali zanga. Mlomo unang'ambika sabata yachiwiri, ndinangolavula magazi n'kubwerera m'bwalo. Nsapato zanga zinali zitabooka kunsi, ndinkaikamo katoni. Mayi anga, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, anamasula ndalama ya pampango n'kundipatsa kuti ndikagule zina pa kaunjika ku Limbe. Anati, "Mwanawe, usakachite manyazi pakati pa anzako." Zinali zofiira, zokulirapo pang'ono, ndinkavala masokosi awiri.

Loweruka masana kochi anabwera ndi pepala lopinda panayi. Anatiimika mzere pansi pa basiketi ya kumadzulo, dzuwa likutiwomba m'maso. Akamatchula dzina ine ndinkapinda chala kumbuyo, manja nditabisa kuti anzanga asaone. Dzanja loyamba linatha. Lachiwiri linatha. Ndinati palibe kanthu, atsala awiri, ndipo amtali sanatchulepo okwanira. Wa 11 anali mnzanga wa timu yathu, anandigwira paphewa popita kutsogolo. Ndinamva mtima ukugunda m'makutu. Wa 12 anatchula mwana wa bambo wina wa mu komiti, mnyamata amene pa masabata atatu onse anabwera kawiri kokha, n'kumachita kumutula pagalimoto. Kuponya kwa kutali ankatha, sindikana. Koma sankamaka munthu, akaluza mpira ankabwerera akuyenda. Tsiku lomwelo m'mawa ndinali nditamutchinga katatu.

Ndinalimba mtima n'kupita pamene anaima kochiyo. Ndinati, "Akochi, nanga ine ndalakwa pati?" Sanandiyang'ane n'komwe, ankapinda pepala lake lija. Anati, "Iwe sugoletsa. Timu imawina ndi mapointi." Basi. Munthu wamkulu, amene anandiona ndikulavula magazi, analephera ngakhale kunena kuti pepa mwana wanga, uyesenso chaka chamawa. Ankaopa kutaya mpando wake mu komiti, ndiye anagulitsa malo anga, ndipo Mulungu andikhululukire koma ndikakumana naye mu tauni ndimawoloka msewu. Tsiku limenelo sindinakwere minibasi ngakhale ndalama ndinali nayo, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, nsapato zofiira zili m'jumbo. Mayi anandifunsa kuti munyamuka liti. Ndinati sanatiuze. Ndinanama sabata yathunthu, mpaka anamvera kwa mayi a mnzanga uja pamsika. Sananditukwane. Anangonditengera nsima kuchipinda.

Ndiye musamandiuze kuti mayina amenewa amatuluka mwachilungamo, kaya kuno kaya ku America. Kuyambira 2017 osewera oyamba gemu ya All-Star amasankhidwa ndi mavoti atatu: masapota ali ndi theka, osewera 25 pa 100, atolankhani 25 pa 100. Mukudziwa chimene anasinthira? Mu 2016 Zaza Pachulia anatsala pang'ono kulowa chifukwa anthu a kwawo ku dziko la Georgia anavota ngati akusankha pulezidenti, ndipo mu 2017, ali ku Golden State akugoletsa mapointi 6 okha pa gemu, masapota anamuika wachiwiri mwa osewera akutsogolo a matimu a chigawo cha Kumadzulo cha NBA. Yao Ming wa ku China anasankhidwa mu 2011 atasewera magemu 5 okha nyengo yonse. Voti ya masapota ndi ya kutchuka ndi kuchuluka kwa anthu kwanu, si ya mpira. Komanso kuyambira All-Star ya 2013 anachotsa malo a center, wamtali wa pansi pa basiketi, pa pepala lovotera, n'kuwasakaniza amtali ndi ma forward ogoletsa. Munthu ngati Gobert apikisana bwanji pa mavoti ndi Kevin Durant?

Otsalawo amasankha ndi makochi, ndipo saloledwa kuvotera osewera a timu yawo. Pamenepo mungati zili bwino, koma makochi nawonso ndi anthu, amatsata mayina ozolowera. Mike Conley anasewera mpira waukhondo ku Memphis zaka 12 osaitanidwa ngakhale kamodzi. Anadzalowa mu 2021, nyengo yake ya 14, ali ku Utah, ndiponso analowa m'malo mwa Devin Booker amene anavulala. Zaka 14, abale anga. Damian Lillard wa timu ya Portland anamusiya mu 2016 akugoletsa mapointi oposa 24 pa gemu. Gemu yoyamba tchuthi cha All-Star chitatha anawathira Golden State mapointi 51, Portland n'kuwina 137 kwa 105, ndipo inali Golden State ija yomwe inawina magemu 73 nyengo imeneyo. Ndinaionera mbandakucha pa foni ya msuweni wanga, bando ikutha, ndikunjenjemera ngati ndine ndili m'bwalo.

Ngakhale lamulo lanu la mapointilo salitsata, achimwene. Bradley Beal anamaliza nyengo ya 2019-20 ndi mapointi oposa 30 pa gemu, koma sanapite ku All-Star, ati chifukwa timu yake ya Washington inkaluza. Ndiye wogoletsa akamusiya amati timu yake sikuwina, wotchinga wa timu yowina akamusiya amati sagoletsa. Chifukwa amachipeza atasankha kale amene akumufuna. Ine mukandifunsa, malo omaliza aja aziperekedwa kwa munthu amene akatuluka m'bwalo timu yake imayamba kudontha ngati denga la udzu. Onerani kota imodzi yokha osatsata mpira, muzingoyang'ana wamtali wa pansi pa basiketi. Muona ma guard, aafupi oyendetsa mpira aja, akufika pafupi n'kubwerera okha osaponya. Zimenezo pa pepala la mapointi sizilembedwa, koma ndi zomwe zinamupatsa Gobert mphoto ija kanayi.

Kwa achinyamata amene muli mu gulu lino ndipo mukusewera, musalole pepala la munthu likuuzeni kuti ndinu ndani. Akakusiyani bwererani m'bwalo Lolemba lomwelo, musachite ngati ine amene ndinaponya nsapato zija kunsi kwa bedi miyezi isanu ndi umodzi, timu yanga n'kupeza wina. Komanso ndikuuzeni zoona, phunzirani kuponya. Tsalirani anzanu akaweruka, muponye 100 kuchokera pakona musanapite kunyumba, chifukwa wogwira pepala amawerenga mapointi basi ndipo sadzasintha chifukwa cha misozi yanu. Ndipo voti ya NBA ikatsegulidwa mu Disembala, votani tsiku lililonse, muuzenso a kunyumba kwanu avote. A ku Georgia anatha bwanji? Ine ndimavotera otchinga okhaokha, pa foni yanga ndi pa foni ya mayi a kunyumba.