Phapo laphwa koma sanamuike chubu: kodi amunyalanyaza?

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangwe, ndipo tayifupikitsa chonchi: "Mlongo wanga wa zaka 24, wamtali komanso wochepa thupi, anamva kubaya mwadzidzidzi mbali ya kumanja kwa chifuwa ali chikhalire, osagwa, osamenyedwa. Atamujambula ekisire anati phapo laphwa. Anamusunga maola angapo kenaka anamuuza kuti apite kunyumba, adzabwerenso. Chonsecho amalume athu atadwala matenda omwewa anawaboola m'nthiti n'kuwaika chubu chopita m'botolo. Kodi mwanayu sanamunyalanyaze?"

Mayi, n'kutheka ndithu kuti sanamunyalanyaze. Zimene anachita adokotalawo zikugwirizana ndi kafukufuku wa zaka zaposachedwapa. Komabe mutu wa nkhani wagona pa funso limene kalata yanu sinakhudze: phapolo laphwa chifukwa chiyani?

Phapo silinamatidwe ku nthiti. Lakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo kena kotero kayala mkati mwa chifuwa. Tiwiriti timagwirana ngati magalasi awiri onyowa, timatsetsereka koma sitilekana. Mpweya ukalowa pakati pake, phapo limakhwinyata n'kusiya khoma la chifuwa. Kuchipatala amati pneumothorax. Kwa anyamata aatali ndi ochepa thupi, makamaka osuta fodya kapena chamba, kawirikawiri kamene kamaphulika ndi kathuza kakang'ono ka pamwamba pa phapo, phapo lonselo lili bwinobwino. Kwa ena phapo limakhala kuti linadwala kale. Enanso ndi a ngozi: nthiti yothyoka pa kabaza, kapena mpeni.

Kupima kwake kumayamba ndi ekisire ya pachifuwa munthu ataimirira. Dokotala amafunafuna kamzere koonda ka m'mphepete mwa phapo, ndipo kuseri kwa kamzereko sikuoneka timitsempha ta m'phapo. Malangizo a 2010 a British Thoracic Society, bungwe la madokotala a mapapo ku Britain, ankati mpata wa masentimita 2 pakati pa phapo ndi nthiti, ukayezedwa molunjika pamene mitsempha ikuluikulu imalowera m'phapo, umasonyeza kuti pafupifupi theka la mbali imeneyo ladzaza mpweya. Vuto limabwera kwa wovulala amene sangadzuke. Akagona chagada mpweya umakwera kutsogolo kwa chifuwa ndipo ekisire imaphonya. Mu 2020 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaphatikiza kafukufuku wa ovulala n'kupeza kuti sikani ya ultrasound inazindikira 91 mwa anthu 100 a vutoli, pomwe ekisire yojambula munthu atagona inazindikira 47 okha. Njira ya sikaniyi anaifotokoza dokotala wa ku France, Daniel Lichtenstein, mu 1995: phapo lili m'malo mwake limaoneka likutsetsereka pansi pa nthiti pakupuma kulikonse, ndipo kutsetserekako kumasowa pomwe pali mpweya.

Pano pa Blantyre pali msampha. Munthu amene anadwalapo TB phapo lake limatha kumatirira ku nthiti, ndiye silitsetsereka ngakhale mulibe mpweya wosochera. Thumba lalikulu la mpweya mkati mwa phapo lowonongeka nalonso limafanana ndi phapo lakuphwa pa ekisire. Kubaya chubu m'thumba loterolo ndi kupanga dala bowo limene kunalibe. N'chifukwa chake ekisire zakale si zotaya. Muzipita nazo kuchipatala.

Tsopano kafukufuku amene akukhudza mlongo wanu. Mu January 2020 magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za gulu la Simon Brown, lomwe linatsatira odwala 316 a zaka 14 mpaka 50 ku Australia ndi New Zealand. Onse anali ndi phapo lakuphwa kwambiri ndithu, koyamba, popanda nthenda ina ya m'mapapo. Mwa maere, 154 anawaika chubu ndipo 162 anangowayang'anira kwa maola osachepera 4, n'kuwajambulanso, n'kuwatulutsa ngati akuyenda bwino ndipo mpweya m'magazi uli bwino. Mwa osiyidwawo, 25 okha ndi amene pambuyo pake anafunika kubooledwa. Pofika masabata 8, phapo linali litabwerera mwa 98.5 peresenti ya oikidwa chubu ndi 94.4 peresenti ya osiyidwa. Chodabwitsa chinali chakuti m'chaka chimodzi nthendayi inabwereranso mwa 16.8 peresenti ya oikidwa chubu, koma 8.8 peresenti yokha ya osiyidwa. Ena amaganiza kuti phapo likakhala lakuphwa kwa kanthawi, milomo ya bowo imakumana n'kupola bwino, kusiyana ndi kulifutukula mwachangu bowo lisanatsekeke.

Tisabise, kafukufukuyu ali ndi pofooka. Odwala ena sanajambulidwe pa nthawi yake, ndipo akawerengedwa ngati olephera kuchira, kusiyana kwa magulu awiriwo kumakula. Ngakhale zili choncho, malangizo atsopano a British Thoracic Society a 2023 anasintha maganizo: choyamba kuyang'ana ndi mmene wodwala akumvera ndiponso ngati pali zizindikiro zoopsa, osati masentimita a pa ekisire okha.

Thupi limamwa lokha mpweya wosocherawo, koma pang'onopang'ono, pakati pa 1.25 ndi 2.2 peresenti ya mbaliyo pa tsiku. Ndiye phapo lophwa theka lingatenge mwezi kapena kuposera. Musadabwe ekisire ya sabata yamawa ikaonetsa kuti silinabwerere lonse.

Apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse, mayi. Anthu a m'kafukufuku uja anali a mapapo abwino, ndipo ankabwereranso kukaonedwa patangopita masiku ochepa. Kwathu kuno munthu wa zaka 24 sitimangoti phapo lake ndi labwino chifukwa ndi mnyamata. TB imaboola phapo. Chibayo cha Pneumocystis, chimene chimagwira amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, chimasiya timatumba tosachedwa kuphulika, nthawi zina mbali zonse ziwiri, ndipo bowo lake limachedwa kutseka. Choncho funsani: kodi anamuyeza HIV? Ngati wakhala akutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuonda, kodi makhololo anapita ku GeneXpert, makina oyezera TB? Kodi phapo linalo likuoneka loyera pa ekisire? Zonsezi zikakhala bwino, kumusiya osamuboola ndi chithandizo chovomerezeka. Chimodzi chikalakwika, kafukufuku wa Brown sakumukhudza.

Amalume anu ayenera kuti anali m'gulu linalo. Munthu wopitirira zaka 50 amene wasuta nthawi yaitali, kapena wa phapo lodwala kale, alibe mpweya wapadera woti adikire nawo. Amagonekedwa m'chipatala ngakhale mpata uli wochepa, ndipo ambiri amaikidwa chubu.

Pakati pa kusiya ndi chubu pali njira ina, yokoka mpweya ndi singano. Akachititsa dzanzi pakhungu, madokotala amalowetsa kanyula (kapaipi koonda kolowa ndi singano) ya saizi 16 kapena 18 chakumtunda kwa nthiti, chifukwa mitsempha imadutsa kunsi kwa nthiti iliyonse, n'kumapopa ndi sirinji. Amasiya akamva kuti yalimba, wodwala akayamba kutsokomola kwambiri, kapena akafika malita 2.5. Kupitirira apo ndiye kuti bowo likutulutsabe mpweya, kupopako ndi kutunga madzi ndi dengu. Ku Britain anayesanso kachipangizo kokhala ndi valavu yotulutsa mpweya osaubweza, kamene munthu amapita nako kunyumba. Kafukufuku wa kachipangizoka, wotchedwa RAMPP, mu magazini ya The Lancet ya 2020, anali ndi odwala 236: ambiri oikidwa kachipangizoka sanagone m'chipatala kapena anagona pang'ono, pomwe othandizidwa mwa nthawi zonse ankakhala pafupifupi masiku 4, koma mavuto aakulu onse 14 anagwera a kachipangizowo.

Za chubu tilembe ndithu, popeza amene amachezera nacho usiku ndi gadiyani. Chimalowa cha kunsi kwa khwapa, pakati pa nthiti yachinayi ndi yachisanu kapena yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, ndipo nsonga inayo imamira masentimita pafupifupi 2 m'madzi a m'botolo. Madziwo ndiwo chitseko: mpweya umatuluka ngati thovu koma sungabwerere. Botolo likhale pansi, kunsi kwa chifuwa nthawi zonse. Kulikweza pabedi poyala nsalu kumabweza madzi m'chifuwa, ndipo likagwa nsonga n'kuvuuka, mpweya umalowa. Madzi a m'chubu azikwera ndi kutsika pamene wodwala akupuma. Akaima, mwina phapo labwerera, mwinanso chubu chapindika pansi pa msana kapena chatsekeka, choncho itanani anamwino. Chubu chimene chikutulutsa thovu sichimangidwa kapena kupanidwa, ngakhale popita ku ekisire, chifukwa mpweya umasowa potulukira. Thovu likapitirira masiku 3 mpaka 5, nkhaniyo imapita kwa madokotala a opaleshoni. Pomwe opaleshoni singatheke, ena amathira m'chubumo magazi a wodwala yemweyo, mamililita 50 mpaka 100, kuti aundane pabowo.

Choopsa chenicheni kwa amene ali kunyumba ndi bowo lolowetsa mpweya osautulutsa. Mpweya umachuluka, umakankha mtima, magazi amalephera kubwerera. Munthu amabanika mowonjezereka, amalephera kumaliza chiganizo, mtima umathamanga, amatuluka thukuta lozizira, amachita chizungulire. Pamenepo dokotala sadikira ekisire, amabaya singano nthawi yomweyo. Kale ankabaya kutsogolo, pakati pa nthiti yachiwiri ndi yachitatu, koma buku la ATLS la 2018, lophunzitsa madokotala kuthandiza ovulala, linasamutsira malowo m'mbali mwa chifuwa kwa akuluakulu, atapeza kuti singano ya masentimita 5 imalephera kufika kwa anthu ambiri kutsogoloko. Mukaona zizindikiro zimenezi musadikire kuti kuche kapena tsiku limene anamulembera. Pezani galimoto, pitani ku Queens kapena chipatala chimene chili pafupi. Pa chifukwa chomwechi, masabata ano mlongo wanu asagone yekha m'nyumba, ndipo ulendo wa kumudzi kotalikira chipatala uyambe waima.

Tsiku la ekisire yobwereza lisaphonyedwe ngakhale akumva bwino, chifukwa ululu umatha msanga phapo lisanabwerere. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu nthendayi imamubwerera, kawirikawiri m'chaka choyamba, ndipo chimene angachite yekha kuti achepetse zimenezi ndi kusiya fodya ndi chamba. Likaphwanso kachiwiri mbali yomweyo, kapena mbali inayo, afunse za opaleshoni yomatiza phapo ku nthiti. Ngati anali ndi ulendo wa pandege kuchokera pa Chileka, asakwere mpaka ekisire itatsimikiza kuti phapo labwerera lonse, ndipo padutse sabata imodzi kuchokera pamenepo, chifukwa mpweya wotsekeredwa umafufuma ndege ikakwera.