Kukoka galimoto yampikisano ndi pikiapu yaing'ono: msewu wa m'mapiri kapena wozungulira?

Funso: Amisiri, ndili ndi pikiapu yaing'ono ya petulo, ya masilinda anayi, giya yake ndi ya otomatiki. Buku lake limati ingakoke makilogalamu 2,000 ngolo ikakhala ndi mabuleki. Ndikufuna kukokera galimoto yanga yampikisano ku bwalo lakutali. Galimotoyo imalemera makilogalamu 1,050 ndipo ngolo ndi ya makilogalamu 700. Misewu ilipo iwiri: wa makilomita 420 wodutsa m'mapiri, ndi wa makilomita 510 wozungulira koma wopanda zitunda zambiri. Google Maps ikundilozera wa m'mapiri. Nditsate uti?

Yankho: Tengani wozungulirawo, bambo. Google Maps imawerengera nthawi ya galimoto yoyenda yokha, sidziwa kuti kumbuyo kwanu kuli ngolo.

Tiyambe ndi sikelo. Galimoto ndi ngolo zakwana kale 1,750. Onjezanipo matayala apadera, jeke, bokosi la masipanala, zigubu za mafuta ndi malamba omangira, muona mwafika cha m'ma 1,900. Ndiye kuti mwatsala pang'ono kugunda malire a buku. Pali nambala inanso imene anthu saiyang'ana: kulemera kwa pikiapu, anthu, katundu ndi ngolo zonse pamodzi, imene mabuku ambiri amailemba kuti GCM kapena GCWR. Munthu akhoza kukhala pansi pa 2,000 uja koma n'kupyola malire achiwiriwa chifukwa chonyamula anzake atatu ndi katundu kubodi. Kakwezeni zonse pa sikelo ya magalimoto musananyamuke, osangoyerekeza.

Tsono za mapiri. Ambiri amaopa chikweza, poganiza kuti injini ilephera. N'zoona kuti injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Koma chikweza chimakuchedwetsani chabe, ndipo chimachenjeza: muvi wa kutentha ukayamba kukwera, mumapatuka n'kuima. Chimene ine ndimaopa ndi mtsetse.

Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zikulemera makilogalamu 3,800 ndipo mukutsika mtsetse wa 6 peresenti, kutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse msewu ukutsika mamita 6. Pa makilomita 10 mwatsika mamita 600. Mphamvu imene iyenera kugwidwa pamenepo ingathe kutenthetsa malita a madzi oposa 60 mpaka kuwira. Ina imathera mu injini, mu mphepo ndi m'matayala, koma mukamatsika phazi lili pa buleki njira yonse, gawo lalikulu limalowa m'mapadi ndi m'madisiki amene anapangidwira pikiapu yokha. Mapadi akatentha kwambiri amaleka kugwira, mumaponda koma galimoto ingopita. Mafuta a mabuleki nawo amawira. A mtundu wa DOT 3 atsopano amawira pa madigiri osachepera 205, a mtundu wa DOT 4 pa osachepera 230, koma mafutawa amayamwa chinyezi, moti akale amatsika kufika pa 140 kapena 155. Akawira, chopondera chimangolowa mpaka pansi. Zoterezi sizichenjeza ngati injini, mumazidziwa mutafika kale pa kona.

Giyabokosi ya otomatiki nayo imavutika m'mapiri. Ikamasinthasintha magiya pa chikweza, mafuta ake amatentha, ndipo kutentha ndiko kumapha magiyabokosi amenewa. Ngati pikiapu yanu ilibe choziziritsira mafuta a giyabokosi chapadera, ikitsani. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kumasula giyabokosi yonse.

Makilomita 90 owonjezerawo asakupweteketseni mutu. Ndi ngolo, msewu wa m'mapiri muziyenda pa 40 kapena 50 m'malo ambiri, ndipo mafuta amene mukuganiza kuti mupulumutsa adzathera pa zikweza.

Funso: Nanga msewu ndingaudziwe bwanji ndisanaupondepo? Wozungulirawo sindinayendemo.

Yankho: Pa Google Maps tsegulani mapu oonetsa mapiri ndi zigwa. Pamene mizere yathinana ndipo msewu ukupindikapindika, pali ntchito. M'madera amene mapuwa amapereka njira ya njinga, sankhani njingayo, ikuonetsani kukwera ndi kutsika kwa ulendo wonse. Musayang'ane kutalika kwa phiri kokha. Funani mtsetse wautali kwambiri pa msewu uliwonse ndi kupendekeka kwake, n'kuyerekeza iwiriyo. Chitunda chachifupi cha 8 peresenti n'chopiririka kusiyana ndi mtsetse wa 6 peresenti wa makilomita 10.

Kenako afunseni oyendetsa malole. Msewu umene iwo amaukonda nthawi zambiri ndi wotakata, makona ake ndi omasuka, ndipo malo omwetsera mafuta ndi oti mungalowe n'kutuluka osabwerera m'mbuyo. Za mafutazi musazipeputse. Mukamakoka, thanki imatha msanga kuposa mmene munazolowera, choncho dziwiranitu pokamwetsa, ndipo muvi usatsike kupyola kota. Pewaninso kudutsa pakati pa mzinda nthawi imene anthu akupita kapena kuweruka ku ntchito. Kuima ndi kunyamuka kosalekeza ndi matani awiri kumbuyo kumatenthetsa giyabokosi ngati phiri lomwe.

Funso: Mnzanga akuti msewu waukulu ndi woopsa chifukwa ngolo imagwedezeka malole akamadutsa. Kodi si bwino kuyenda m'misewu yaing'ono?

Yankho: Mnzanuyo waona zoona, koma vuto walipeza pamalo olakwika. Ngolo imene imapukusa mchira lole ikadutsa nthawi zambiri yapakiridwa molakwika, kapena ikuthamanga kwambiri. Kulemera kochuluka kuzikhala kutsogolo kwa ma ekiselo a ngolo, kuti chokokera chizipanikiza pikiapu. Opanga ngolo ambiri amalangiza kuti pafupifupi 10 peresenti ya kulemera kwa ngolo yodzaza izikhala pa chokokera, zimene kwa inu ndi makilogalamu 190, koma onani malire olembedwa pa chokokeracho, poti zina sizilola kufika pamenepo. Ngati injini ya galimoto yanu yampikisano ili kutsogolo, ikwere chamutu. Ngati ili kumbuyo, nthawi zambiri imakwera chafutambuyo. Kuisuntha masentimita 10 okha pa ngolo kumasintha mayendedwe.

Liwiro lisapyole 80 kapena 90, ndipo komwe lamulo la okoka ngolo lili pansi pa pamenepo, tsatani lamulo. Ngolo ikayamba kugwedezeka musaponde buleki mwamphamvu, musalimbanenso nayo ndi chiwongolero. Gwirani chiwongolero mowongoka, chotsani phazi pa mafuta. Ngati ngolo ili ndi mabuleki amagetsi, kanikizani kachipangizo kake ndi dzanja kuti igwire yokha, iwongoka.

Misewu yaing'ono ili ndi zake: m'mphepete mopanda poimapo tayala likaphulika, milatho yopapatiza, ndi mzere wa magalimoto okufinyani kumbuyo mpaka mutayamba kuthamanga mosafuna.

Funso: Bwalolo lili pamwamba ndithu, ndiye ngakhale msewu wozungulira uli ndi mtsetse umodzi pobwerera. Ndidzatsike bwanji?

Yankho: Imani pamwamba kaye. Onani malamba, chokokera ndi matayala, ndipo yandikizani dzanja pa mahabu a ngolo, pakati pomwe pamangiriridwa matayala. Imodzi ikatentha kuposa zinzake, beringi kapena buleki yake ili ndi vuto. Lowetsani giya yotsika musanayambe kutsika, osati liwiro litakula kale. Giya imene munakwerera ndi imene mutsikire, kapena yotsikirapo. Ngati pali batani la tow/haul (logwiritsa ntchito pokoka ngolo) litseguleni, ngati palibe tsekani overdrive (giya yapamwamba kwambiri) n'kuika giya pa 2. Injini idzalira, isiyeni, sikuwonongeka malinga ngati muvi sunafike pofiira. Liwiro likakwera, pondani buleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa kuti litsike ndi makilomita 10, kenako chotsani phazi mabuleki apume. Mukamva fungo la mapadi kapena chopondera chikayamba kufewa, imani pamalo oyamba otakata, ikani miyala kapena zotchingira kumatayala, ndipo dikirani mpaka zizizire. Musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika kapena kung'aluka.