Shawelo ya silika ndi alpaca: iwazeni madzi, musaiviike

Achemwali, mwafunsa momwe mungawongolere shawelo yolukidwa ndi ulusi wa silika ndi alpaca (ubweya wa nyama ya ku South America yotchedwa alpaca) kuti ifike pa muyezo wake. Shawelo yanuyo musaiviike m'madzi. Iyaleni pathawulo louma, muikoke pang'onopang'ono mpaka ifike pa muyezo womwe mukufuna, muimange ndi mapini osachita dzimbiri, kenako muiwaze madzi ozizira. Iume yokha ili chogona, kutali ndi dzuwa.

Ndaona kuti alpaca ikanyowa kwambiri imalemera n'kutamuka, ndipo sibwerera m'malo ngati ubweya wa nkhosa. Simbi nayo ikhale patali, makamaka ngati mu ulusiwo muli acrylic (ulusi wopangidwa ndi pulasitiki), poti kutentha kumaufooketseratu ulusiwo osabwereranso. Ulusi ukakhala wosakaniza, ine ndimatengera wosachedwa kuwonongekawo, ndipo ndimayamba ndayesa pakachidutswa kolukidwa ndi ulusi wotsala.

Ngati pepala la ulusiwo likuletsa madzi, pitani nayo kwa akatswiri a dry cleaning (kuchapa zovala popanda madzi).