Funsani Amakaniko: ABS ya njinga zamoto zothamanga, tidule kapena tisiye?

Mwezi uno makalata angapo achokera ku Mangochi ndipo onse akuzungulira pa ABS, chipangizo chija choletsa tayala kukakamira munthu ukagwira buleki mwamphamvu, nde ndawaika pamodzi.

FUNSO: Amakaniko, achimwene anga abwera kuchoka ku Joni ndi Kawasaki Ninja 400 ndipo andisiyira kuti ndizikwera. Tsiku lina ndikuchoka kwa Makawa kupita ku boma mbuzi inangodumphira pamsewu, ndinagwira buleki mwamphamvu nde chogwirira chija chinayamba kunjenjemera m'dzanja ndi kaphokoso kachilendo, ine mantha ndinasiyako pang'ono, mwamwayi mbuziyo inadutsa. Makaniko wina akuti ndi ABS ikuvuta, angodula mawaya ake basi njinga izigwira ngati zinzake. Ndilole? Mnyamata wa kwa Mponda

YANKHO: Achimwene musalole, chonde musalole. Kunjenjemera kumene munamva kuja sikuti chinthu chawonongeka ayi, ndi ABS ikugwira ntchito yake yeniyeni, ndipo mwina ndi imene inapangitsa kuti lero mutilembere kalata muli bwinobwino.

Mukayang'ana pakati pa tayala pafupi ndi disiki muona kalingi kachitsulo kokhala ndi timabowo tambirimbiri, pambali pake pali kasensa. Kasensako kamawerenga mmene tayala likuzungulira n'kumauza kakompyuta ka njinga. Inu mukafinya buleki modzidzimuka tayala limafuna kuima pomwe njinga ikadali pa sipidi, kakompyuta kaja kakaona zimenezo kamatsegula mavavu kuti mphamvu ya mafuta a mabuleki itsikeko pang'ono, tayala likayambanso kuzungulira kapampu kamabwezera mphamvu ija, ndipo zimenezi zimachitika kangapo pa sekondi imodzi, nchifukwa chake dzanja limamva kugundagunda. Pa galimoto tayala likakakamira mumangotsetsereka koma mukadali pa matayala anayi. Pa njinga tayala lakutsogolo likakakamira pa tala mwagwa pompo, simupeza ngakhale mpata woponda pansi. Ndipo njinga zothamangazi mabuleki ake akutsogolo ndi aukali zedi, mukagwira thupi lonse ndi kulemera kwa njinga zimakankhikira kutsogolo mpaka tayala lakumbuyo limatha kunyamuka.

Ndikudziwa kumene maganizo odula aja amachokera. Kampani ya BMW ndi imene inayamba kuika ABS pa njinga zamoto zogulitsa kwa anthu, pa njinga yake yotchedwa K100 mu 1988, ndipo chipangizo chake chinkalemera pafupifupi makilogalamu 11, nde okonda kuthamanga ankachikana kuti ndi katundu wongolemetsa. Zinatenga zaka kuti zifike pa njinga zothamanga zenizeni, Honda anaika ABS yoyendetsedwa ndi kompyuta pa CBR600RR ndi CBR1000RR mu 2009. ABS za masiku ano za kampani ya Bosch zina sizifika ndi kilogalamu imodzi yomwe. Maiko a European Union anayamba kulamula mu 2016 kuti njinga zatsopano za injini yoposa 125cc zizikhala ndi ABS, ku India lamulo ngati lomweli linakhudza njinga zonse zatsopano zotere kuyambira mu Epulo 2019. Bungwe la ku America lofufuza za ngozi za pamsewu la IIHS mu 2021 linapeza kuti njinga zokhala ndi ABS zimapezeka pa ngozi zakupha mochepa ndi 22 peresenti poyerekeza ndi njinga zamtundu womwewo zopanda ABS. Imeneyo ndi miyoyo ya ana a anthu, ine sindiitenga mopepuka.

Anyamata ena amati nanga a mpikisano wa njinga zothamanga wa MotoGP bwanji sagwiritsa ntchito ABS. Zoona, malamulo a mpikisano umenewo saloleza. Koma anthu amene aja amathamanga pa msewu wosesedwa, kona iliyonse amaidziwa ndipo amadziwiratu pogwirira buleki. Inu pa msewu wa ku Monkey Bay simudziwa chimene chitulukire kuseri kwa minibasi yoima, kaya mwana wa sukulu kaya wanjinga yakapalasa atanyamula dengu la usipa.

Chimene muyenera kukonza ndi dzanja lanu. ABS ikayamba kugunda musasiye buleki ndipo musamachite kupopa, finyani n'kugwirabe mpaka njinga iime, maso kutsogolo. Pezani malo a tala opanda anthu m'mawa, valani helimeti, yesani pa sipidi ya 30 kangapo kuti kugunda kuja mukuzolowere.

FUNSO: Bambo Amakaniko, ine ndimagwira ntchito cha ku Malindi ndipo nthawi zina ndimalowera njira ya ku Makanjira. Amuna anga anagula njinga ya ABS koma pa mchenga ndikagwira buleki imangopitirira ngati sindinagwire, pamene kanjinga kathu kakale kankaima msanga. Ndi ine kapena ndi njinga? Mayi wa ku Malindi

YANKHO: Mayi si inu, mwaona bwino ndithu. Apa ndi pamene ABS imafooka ndipo sindikubisirani. Pa mchenga kapena pa timiyala tayala lokakamira limakumba n'kuunjika kamulu kutsogolo kwake, kamulu kameneko kamathandiza kuimitsa njinga. ABS ikaona tayala likukakamira imalimasula, nde mtunda woimira umatalika. Chimene imakuchitirani pamenepo nchakuti tayala lakutsogolo silikuthawani, koma mufunika kuyamba kuchepetsa sipidi mukadali patali, kutsitsa magiya, ndi kusiya mpata waukulu ndi amene ali kutsogolo.

Njinga zina zili ndi batani kapena menyu yozimitsira ABS ya kumbuyo yokha, za kampani ya KTM zambiri zili nayo, onani m'buku la njinga yanu. Ngati ilipo zimitsani mukamalowa mu mchenga, mukafika pa tala yatsaninso. Ngati ilibe musachotse fyuzi ngati mmene ena amachitira chifukwa mukaiwala kubwezera mudzafinya buleki pa tala mukuganiza kuti muli ndi chitetezo pomwe mulibe. Ndinenenso kuti ngati njingayo ndi ya mtundu wothamanga uja wa mapulasitiki m'mbali, matayala ake ndi osalala opangira tala, mchenga wa kutsidya kwa nyanja si malo ake.

Popeza tikukamba za mchenga ndiwonjezere za msewu wokwera phiri wopita ku Namwera ndi ku Chiponde, umandidetsa nkhawa kwambiri. Mvula ikagwa mchenga umakokolokera pa tala makamaka m'makona, ndipo ABS wamba imagwira bwino njinga ikakhala chilili, siidziwa kuti mwapendekeka. Yodziwa kupendekeka ilipo, Bosch anaitulutsa koyamba pa KTM 1190 Adventure cha kumapeto kwa 2013 ndipo pano ili pa njinga zodula zambiri, koma zing'onozing'ono zambiri zimene zikubwera kuno zilibe. Nde potsika phiri lija buleki gwirirani musanalowe m'kona, osati muli kale pakati pake.

FUNSO: Kagetsi ka ABS pa dashibodi sikakuzima kuyambira pomwe ndinasinthitsa tayala lakumbuyo. Mabuleki akugwira bho. Ndingoyenda? Che Wanjinga, Monkey Bay

YANKHO: Che Wanjinga, kagetsi kameneko kamayenera kuyaka mukatsegula kiyi n'kuzima njinga ikangoyamba kuyenda pang'ono. Kakakhalabe ndiye kuti ABS yadzizimitsa, mabuleki wamba akugwira koma tayala litha kukakamira. Poti zayamba mutasinthitsa tayala ine ndikukayikira kasensa ka kumbuyo. Pochotsa ndi pobwezera tayala anthu amapinda kalingi kaja ndi chitsulo chotulutsira tayala, kapena kukoka waya wa sensa, kapena kuiwala kawasha kamene kamasunga mpata pakati pa sensa ndi lingi. Yambani ndi kutsuka matope ndi tizitsulo tomatirira pa sensa, onani waya, onani fyuzi, yezetsani batire chifukwa batire yofooka imayatsanso kagetsi kameneko. Funsaninso ngati tayala latsopanolo ndi la saizi yolembedwa m'buku, saizi ina imasokoneza mawerengedwe a kompyuta. Zonsezi zikakanika mufunika munthu wokhala ndi makina owerengera makodi, mwina mpaka ku Blantyre, ndipo kabokosi ka pampu musalole aliyense kukamasula ndi sipanala pansi pa mtengo, ndi kodula ndipo kupezeka kwake nkovuta. Mafuta a mabuleki nawonso, ambiri amalemba DOT 4 pachivindikiro, sinthani pakatha zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi, kunyanja kuno nkhani imeneyi musaizengereze, mafuta akale amachititsa dzimbiri timavavu ta mkati.

FUNSO: Ndine wakabaza, ndimaima cha pa mlatho wa Bakili Muluzi. Pa intaneti ndaona kachitsulo kotchipa akuti ukamanga pa paipi ya buleki njinga imakhala ya ABS. Ndigule? Wakabaza, Mangochi boma

YANKHO: Aise ndalama zako usataye. Kachitsulo kameneko kalibe sensa, kalibe kompyuta, sikadziwa ngati tayala likuzungulira kapena laima, kamangofooketsa buleki basi, ndipo iwe umanyamula anthu ndi katundu. Njinga zambiri za kabaza ndi za mabuleki a dilamu okoka ndi waya, ABS yeniyeni imafuna disiki ndi mafuta kotero siingamangidwe pamenepo. Ndalamayo gulira tayala labwino lakutsogolo ndi mashuzi atsopano a mabuleki, konzetsa waya wa buleki yakutsogolo imene ambiri mumangoisiya yolendewera, ndipo phunzira kugwira mabuleki onse awiri pamodzi, kuyamba mofewa kenako kumawonjezera mphamvu. Tsiku lomwe udzafune kugula njinga yokulirapo ya disiki, yang'ana kalingi ka timabowo pa tayala lakutsogolo ndipo uyendetseko pang'ono uone ngati kagetsi ka ABS kakuzima usanapereke ndalama.